Kuthetsa mavuto a seva yolowa m'malo imene ili pa netiweki ina

Amene amayang'anira maseva amafika poona kufunika kwa seva yachiwiri, yosunga zonse zimene zili pa seva yaikulu ndiponso yokonzeka kulowa m'malo mwake ikangofa. Maseva awiriwa akakhala m'chipinda chimodzi, olumikizidwa pa switch imodzi, ntchitoyi siivuta kwenikweni. Koma chifukwa chenicheni chokhalira ndi seva yachiwiri ndi kupulumuka pamene magetsi azima m'nyumba yonse, moto wabuka, kapena kampani yopereka intaneti yakumana ndi vuto, ndipo zimenezi zimatikakamiza kuiika kutali, pa netiweki ina yokhala ndi maadiresi akeake. Mavuto obwerezabwereza amayambira pomwepa. Seva yaikulu imafa koma anthu safika pa yachiwiri, kapena onse awiri amadziyesa aakulu nthawi imodzi, kapena yachiwiri imayankha bwinobwino koma ndi deta ya dzana. Gwero lake nthawi zambiri limakhala limodzi: zida zambiri za failover, kutanthauza kusamutsira ntchito ku seva yachiwiri yaikulu ikafa, zinapangidwa poganiza kuti maseva akumvana pa netiweki imodzi yodalirika, ndipo mukawalekanitsa, maganizo amenewo sagwiranso ntchito.

Musanasinthe kanthu, kumbukirani kuti ntchitoyi ili ndi mbali zitatu, zomwe ndi kukopera deta, kugamula kuti seva yaikulu yafadi, ndi kulondolera anthu ku seva yatsopano. Kwa munthu amene akungoona tsamba likukana kutseguka, kulephera kwa mbali iliyonse kumaoneka chimodzimodzi, choncho funso lanu loyamba likhale lakuti yalephera ndi mbali iti.

Adiresi yoyandama ikukana kusamuka

Malangizo ofala kwambiri amati muike pulogalamu ya keepalived pa maseva onse awiri ndi kuwapatsa adiresi imodzi ya IP yoyandama, imene imatha kusamuka kuchoka pa seva ina kupita pa inzake. Keepalived imagwiritsa ntchito VRRP, imene imatumiza uthenga wa multicast, wopita ku makina angapo nthawi imodzi, ku adiresi 224.0.0.18, kawirikawiri sekondi iliyonse, ndipo seva yachiwiri ikasiya kumva uthengawo imadzitengera adiresi ija n'kulengeza kudzera mu ARP, njira imene makina a pa netiweki imodzi amadziwirana maadiresi, kuti tsopano ili m'manja mwake. Uthenga umenewu sudutsa pa router, ndipo ARP nayonso imathera pa netiweki ya pamalopo. N'chifukwa chake mukatsegula log pa manetiweki awiri osiyana mudzapeza kuti seva iliyonse yalowa mu MASTER, popeza palibe imene ikumva inzake.

Ena amayesa kukonza zimenezi ndi unicast_peer kuti maseva azitumizirana uthenga mwachindunji. Ngakhale atamvana, vuto lalikulu limatsala. Adiresi yoyandamayo ndi ya netiweki yoyamba, ndipo ma router a pa intaneti adzapitiriza kutumiza mapaketi ake kumeneko, kaya seva ya kutali yadzilembera adiresiyo kapena ayi. Musataye nthawi kufunafuna cholakwika mu fayilo ya keepalived, chifukwa chidacho chikuchita zimene chinapangidwira.

Pali njira zitatu zotulukira. Mabungwe akuluakulu amakhala ndi maadiresi awoawo ndi nambala yawo ya AS yozindikiritsa netiweki yawo pa intaneti, ndipo amalengeza njira yofikira maadiresiwo kudzera mu BGP, chilankhulo chimene ma router amauzirana njira, kuchokera kumalo awiri, koma pa IPv4 makampani ambiri salandira chigawo chochepera /24, chomwe ndi maadiresi 256, kotero njirayi si ya aliyense. Njira yachiwiri ndi kuika proxy, yolandira anthu n'kuwapititsa ku seva yoyenera, monga HAProxy, pamalo achitatu, ndi kulemba seva yachiwiri ndi mawu akuti backup, koma dziwani kuti proxy imeneyo ikakhala imodzi ndiye kuti mwangosamutsira chiopsezo pamenepo. Njira yachitatu, imene ambiri amathera, ndi kusintha DNS, dongosolo limene limasandutsa dzina la tsamba kukhala adiresi ya IP.

DNS yasintha koma anthu akupitabe ku seva yakufa

Rekodi iliyonse ya DNS imakhala ndi TTL, nambala ya masekondi amene ma resolver, maseva amene amafunsa DNS m'malo mwa ogwiritsa ntchito, amaloledwa kusunga yankho asanafunsenso. Ngati TTL yanu ili pa 86400, resolver imene inafunsa mphindi imodzi seva isanafe ikhoza kupitiriza kupereka adiresi yakale kwa tsiku lathunthu, ndipo kutsitsa TTL ngozi itachitika kale sikuthandiza amene anasunga yankho lakale. TTL iyenera kukhala yotsika nthawi zonse, masekondi 60 kapena 300, pa maina amene mukufuna kuti azisamuka.

Pofufuza, funsani kawiri ndi lamulo la dig. Koyamba funsani seva ya DNS yomwe ndi mwini wa dzina lanu, kachiwiri funsani resolver imene ogwiritsa ntchito anu amadalira. Mwini dzina akamapereka adiresi yakale, ndiye kuti chosintha rekodi sichinagwire ntchito, ndipo muone ngati chinsinsi cha API chidakali chamoyo komanso ngati pulogalamu yosinthayo siinali pa seva imene yafayo. Mwini dzina akamapereka adiresi yatsopano koma resolver ikupereka yakale, onani nambala ya TTL imene yatsala ndipo mudikire. Onse awiri akamapereka yatsopano koma pulogalamu ina ikupitabe kwakale, cholakwika chili mkati mwa pulogalamuyo. Nginx, pulogalamu yopereka masamba a intaneti, mwachitsanzo, imafunsa DNS pa nthawi imene ikudzuka n'kusunga yankho mpaka mutaikakamiza kuwerenganso makonzedwe ake, pokhapokha mutaiuza resolver yoti izifunsa pafupipafupi. Mapulogalamu a Java ali ndi nkhokwe yawo ya mayankho a DNS imene imayendetsedwa ndi networkaddress.cache.ttl. Onaninso fayilo ya /etc/hosts ndi mafayilo a makonzedwe, chifukwa kawirikawiri mumapezeka adiresi ya IP imene wina analemba pamanja zaka zapitazo n'kuiwala.

Cholakwika china chimene chimapweteka kwambiri ndi kusunga seva ya DNS m'nyumba yomweyo imene muli seva yaikulu. Nyumbayo ikaduka, palibenso woti n'kuyankha za dzina lanu, ngakhale seva yachiwiri ili bwinobwino.

Muwerengeretu nthawi imene zonsezi zimatenga kuti musalonjeze zosatheka. Ngati choyezera thanzi la seva chimafunsa masekondi 10 alionse ndipo chimadikira kulephera katatu, apo padutsa kale masekondi 30, ndipo mukaonjeza TTL ya masekondi 60 ndi nthawi yokweza database, mphindi ziwiri zimakwana mosavuta. Kuchepetsa nambalazi mopitirira muyeso kumabweretsa vuto lina, lakuti mapaketi ochepa akangotayika, ntchito yonse imasamuka, kenako n'kubwerera, kenako n'kusamukanso. Choyezeracho chikhalenso chofufuza mozama. Ping imangosonyeza kuti makina ayaka. Pangani tsamba lapadera limene limawerenga kanthu mu database lisanayankhe kuti zili bwino, ndipo lizifunsidwa kuchokera kunja, kumalo oposa amodzi.

Maseva onse awiri akudziyesa aakulu

Ili ndilo vuto loopsa kuposa onse, ndipo akatswiri amalitcha split-brain. Seva yachiwiri ikasiya kumva yaikulu, ilibe njira yodziwira ngati inzakeyo yafa kapena njira ya pakati pawo ndi imene yaduka. Pa switch imodzi zinthu ziwirizi sizisiyana kawirikawiri, koma pakati pa manetiweki awiri njira imaduka nthawi zambiri kuposa mmene maseva amafera. Seva yachiwiri ikadzikweza pamene yaikulu idakali moyo, anthu ena amalemba uku, ena uko, ndipo njira ikabwerera mumakhala ndi madatabase awiri amene iliyonse ili ndi zinthu zoona zimene inzake ilibe. Zili ngati alembi awiri amene aliyense wakhala akulemba m'kaundula wake poganiza kuti mnzake palibe. Kuphatikiza makaundulawo kumafuna munthu wokhala pansi n'kuyerekeza mzere ndi mzere.

Zimenezi sizigwera ongoyamba kumene okha. Mu Okutobala 2018, ku GitHub, kampani yosungira ntchito za olemba mapulogalamu, kulumikizana pakati pa malo awo a kum'mawa kwa United States kunaduka kwa masekondi 43 okha, pulogalamu yoyendetsa failover inakweza maseva a database ya MySQL a kumadzulo kukhala aakulu, ndipo mbali ziwirizo zinatsala ndi zolembedwa zosiyana. Kukonza kunatenga maola oposa 24. Nkhaniyi ikusonyeza kuti kuduka kwa kanthawi kochepa kukhoza kuononga zambiri kuposa kufa kwenikweni kwa seva, ngati chogamula chili chopupuluma.

Zizindikiro zake n'zodziwika. Pa MySQL, replication, yomwe ndi ntchito yokopera deta kuchokera ku seva yaikulu, imaima ndi cholakwika nambala 1062, chonena kuti mzere wa nambala imeneyo ulipo kale. Pa DRBD, chida chokopera disiki ku seva ina, mbali zonse ziwiri zimalowa mu StandAlone ndipo log imanena poyera kuti yapeza split-brain. Ogwiritsa ntchito amadandaula kuti zimene analemba m'mawa zasowa masana. Mukaona zimenezi, choyamba imitsani kulemba pa seva imodzi, tengani kope la madatabase onse awiri mmene alili, ndipo musalole chida chilichonse kufafaniza mbali imodzi musanatulutse mizere imene ili kumeneko kokha. Kungodumpha cholakwika kuti replication ipitirire kumabisa vutolo, ndipo madatabase amapitiriza kusiyana mwakachetechete.

Kupewa kwake kuli pa mfundo ziwiri. Yoyamba ndi yakuti maseva awiri okha sangathe kugamula, chifukwa akalekana palibe mbali imene ili ndi mavoti ambiri. Pamafunika mboni yachitatu pa netiweki yachitatu, ndipo kompyuta yaing'ono imakwanira. Mwa zida zogwirizanitsa maseva, Corosync ili ndi qdevice, Pacemaker ili ndi Booth wa maseva otalikirana, ndipo Patroni imadalira etcd kapena Consul, zimene zimafuna kuti makina awiri mwa atatu agwirizane. Musaike mboniyo m'nyumba imodzi ndi seva yaikulu, chifukwa nyumbayo ikaduka, mavoti awiri apita limodzi ndipo seva yachiwiri siidzadzikweza. Mfundo yachiwiri ndi yakuti seva yakale iyenera kuletsedwa kulemba yatsopano isanayambe. M'chipinda chimodzi izi zimachitika poizimitsira magetsi kudzera pa chipangizo choyendetsera makina, koma kutali njira yofikira chipangizocho ikhoza kukhala yomweyo imene yaduka, choncho seva yaikulu ikonzedwe kuti izidziletsa yokha kulemba ikangotaya mavoti ambiri.

Maganizo anga ndi akuti bungwe laling'ono, lopanda malo achitatu ndiponso lopanda munthu wodziwa bwino zida zimenezi, lichita bwino kusiya kuti munthu ndiye azigamula. Makina azichenjeza, script yokweza seva yachiwiri ikhale yokonzeka ndi yoyesedwa, koma munthu atsimikize kaye kuti yaikulu yaima. Kudikira mphindi 15 n'kopepuka poyerekeza ndi masiku ophatikiza deta pamanja.

Kukopera kumaima kapena kumatsalira

Maseva otalikirana nthawi zambiri amalumikizidwa ndi VPN, njira yotetezedwa yodutsa pa intaneti, ndipo mavuto ambiri amene amaoneka ngati a database amakhala a njira imeneyi. Chizindikiro chosokoneza kwambiri ndi ichi: ping ikuyenda, SSH ikulowa, koma pulogalamu yokopera deta, rsync kapena pg_basebackup, imangoima pakati popanda uthenga uliwonse. Nthawi zambiri ameneyu ndi MTU, malire a kukula kwa paketi imene njira ingalole kudutsa. Ethernet imanyamula mabayiti 1500 pa paketi, VPN imaonjeza mitu yake, ndipo VPN ya WireGuard kawirikawiri imatsitsa nambalayi kufika pa 1420. Paketi yaikulu ikakanika kudutsa, router imayenera kubweza uthenga wa ICMP wonena kuti ichepetsedwe, koma ngati firewall ina imatseka ICMP yense, wotumiza sadziwa kanthu ndipo amangobwereza. Yesani ndi ping -M do -s 1472 pa njira wamba, chifukwa mabayiti 28 otsalawo ndi a mitu ya IP ndi ICMP, kenako muzitsitsa nambalayo mpaka paketi itadutsa. Mukapeza malire, tsitsani MTU pa VPN, kapena muike MSS clamping pa router, ndipo mulole uthenga wa ICMP wa mtundu umenewu kudutsa.

Onaninso ngati manetiweki awiriwo sakugwiritsa ntchito chigawo chimodzi cha maadiresi a mkati. Onse akakhala pa 192.168.1.0/24, seva imaganiza kuti inzake ili pafupi ndipo siitumiza mapaketi mu VPN. Mankhwala ake abwino ndi kusintha maadiresi a mbali imodzi. Ngati kulumikizana kumafa pakakhala bata kenako n'kudzuka wina akatumiza kanthu kuchokera mbali imodzi yokha, ndiye kuti NAT kapena firewall ikuiwala njirayo, ndipo PersistentKeepalive ya masekondi 25 pa WireGuard imathetsa zimenezi.

Njira ikakhala bwino, funsani database kuti yatsalira bwanji. Pa PostgreSQL muone pg_stat_replication pa seva yaikulu. Pa MySQL gwiritsani ntchito SHOW REPLICA STATUS, lamulo limene linabwera mu 8.0.22, koma musakhulupirire Seconds_Behind_Source yokha, chifukwa ikhoza kusonyeza 0 pamene seva yangosiya kulandira zatsopano. Njira yodalirika ndi kulemba nthawi mu tebulo laling'ono pa seva yaikulu mphindi iliyonse ndi kuiwerenga pa yachiwiri, mawotchi onse awiri ali olondola kudzera mu NTP. Kuduka kukatenga nthawi yaitali, seva yaikulu imakhala itafufuta zolemba zimene yachiwiri ikufuna. MySQL imapereka cholakwika 1236, ndipo PostgreSQL imanena kuti gawo lofunikalo la WAL, kaundula wake wa zosintha, linachotsedwa kale. Apa, ngati simunasunge kope la zolembazo kwina, palibe kuchitira mwina koma kukopera database yonse mwatsopano. Replication slot, imene inabwera mu PostgreSQL 9.4, imaletsa kufufutako, koma ili ndi ngozi yake: seva yachiwiri ikakhala yozima masiku angapo, WAL imaunjikana mpaka disiki ya seva yaikulu kudzaza, ndipo seva yoyenera kukutetezani ndi imene imagwetsa inzake. Kuyambira mu PostgreSQL 13 pali max_slot_wal_keep_size yoika malire.

Ena akaona kutsaliraku amasankha kuti seva yaikulu izidikira yachiwiri isanavomereze cholembedwa chilichonse. Njirayi imateteza deta, koma mtunda umaika malire amene palibe angawachotse. Kuwala kumayenda pafupifupi makilomita 200,000 pa sekondi mu fibre, kotero makilomita 1,000 amatenga osachepera mamilisekondi 10 kupita ndi kubwera, ndipo pulogalamu yolemba chimodzichimodzi siingapitirire zolemba 100 pa sekondi. Komanso seva yachiwiri ikasowa, yaikulu ikhoza kuima n'kumadikira. N'chifukwa chake DRBD ili ndi Protocol C yodikira, yoyenera maseva oyandikana, ndi Protocol A yosadikira, yoyenera akutali. Mukasankha kusadikira, vomerezani ndi eni ntchito kuti masekondi angapo omaliza akhoza kutayika, ndipo mugwirizane kuchuluka kwake ngozi isanachitike.

Pa mafayilo wamba rsync imakwanira, koma musaigwiritse ntchito kukopera mafayilo a database imene ikugwira ntchito, chifukwa kope lotero limaoneka lathunthu koma limakana kutseguka kapena limakhala loonongeka mkati. Samalaninso ndi --delete. Disiki ya deta ikalephera kulumikizika pa seva yaikulu, foda imaoneka yopanda kanthu, ndipo rsync imafufuta mokhulupirika zonse za pa seva yachiwiri. Ikani --max-delete, ndipo script iziyamba yatsimikiza kuti disikiyo ilipo. Pa chifukwa chomwechi, seva yachiwiri siilowa m'malo mwa backup, popeza chilichonse chofufutidwa molakwika kapena chowonongedwa ndi ransomware chimafika kumeneko posakhalitsa.

Seva yachiwiri yalowa koma zina sizikuyenda

Satifiketi ya TLS, yotsimikizira tsamba ndi kuteteza kulumikizana, ndi imene imakonda kugwetsa anthu pa tsiku la ngozi. Masatifiketi a Let's Encrypt akhala akutha pa masiku 90, ndipo njira ya HTTP-01 yowakonzanso imafika pa seva imene DNS ikuloza, kutanthauza kuti seva yodikira siingathe kudzikonzera yake. Gwiritsani ntchito njira ya DNS-01, yotsimikizira dzina kudzera mu rekodi ya DNS, kapena muzikopera satifiketi nthawi iliyonse ikakonzedwa. Makalata a imelo ochokera ku seva yachiwiri amakanidwa ngati adiresi yake siili mu rekodi ya SPF, imene imatchula maseva ololedwa kutumiza imelo m'dzina lanu, ndipo makampani amene mumatumizirana nawo deta akhoza kukhala kuti analola adiresi ya seva yaikulu yokha pa firewall yawo. Ntchito za cron, zoyamba zokha pa nthawi yoikidwa, zikayaka pa maseva onse awiri, makasitomala amalandira uthenga kawiri, ndipo zikakhala zozima pa yachiwiri, wina ayenera kukumbukira kuziyatsa; ndi bwino kuti ntchito iliyonse iziyamba yafunsa ngati seva imene ilipo ndi yaikulu.

Seva yakale yadzuka

Mphindi imene seva yakale ikudzukanso ndi yoopsa ngati mphindi imene inafa. Ikayaka ndi makonzedwe ake akale imadziyesabe yaikulu, choyezera thanzi chimaiona kuti ili bwino, ndipo DNS ikhoza kubwezera anthu ku database imene yatsalira maola ambiri. Zimitsani kubwerera kochitika kokha. Konzani kuti database isamayambe kulandira zolemba makina akangoyaka. Pa MySQL, super_read_only ikhale yoyatsidwa mu fayilo ya makonzedwe pa maseva onse awiri, ndipo script yokweza yokha ndiyo iziichotsa. Seva yakaleyo iyambe yakhala yotsatira. Pa PostgreSQL, pg_rewind imaibwezera pamene mbiri ziwirizo zinalekanira, koma imafuna kuti wal_log_hints kapena ma checksum a deta akhale kuti anayatsidwa kale, ndipo imataya zimene seva yakale inalemba yokha, choncho tengani kope kaye. Tembenuzaninso kolowera rsync, kuti ntchito yakale ya cron isakute mafayilo atsopano ndi akale.

Zonsezi muziyese mwadala pa nthawi imene anthu ndi ochepa, ndipo muyese mitundu iwiri ya ngozi padera. Koyamba zimitsani seva yaikulu n'kuyeza nthawi kuchokera pa kompyuta ya kunja kwa manetiweki onse awiri. Kachiwiri isiyeni yoyaka, mutseke njira ya pakati pa maseva pa firewall, kenako muyese kulemba mzere umodzi pa database iliyonse. Ngati onse awiri avomera, zimitsani failover yochitika yokha tsiku lomwelo, ndipo musaiyatsenso kufikira mboni yachitatu ndi kudziletsa kwa seva yaikulu zitakonzedwa n'kuyesedwanso.